Chipinda cha Masiku Khumi kwa aNambewe

Mawa chikwana chaka chimwalirire azakhali anga aNambewe, ndipo amayi a kumpingo andituma kuti tikamakavundukula chiliza ndikanene mawu awiri atatu. Andisankhiranso ndi mawu ake omwe: kuti anali mayi wamtendere, wosasunga mangawa, amene anapita atakhululukira aliyense. Ine ndinangoti chabwino kuti andichokere pakhomo. Koma bodza limenelo sindikalinena, olo abusa atandiyang'ana bwanji. Azakhali anga ankasunga mangawa ngati mbewu ya mpunga, pouma, kutali ndi makoswe, kudikira mvula yake. Ndipo ine Felesiya, mwana wa mlongo wawo, ndikuti ankachita bwino.

Anali wamfupi, woonda, woyenda ngati wasiya ndiwo pamoto. Ambulera yakuda sinkachoka m'manja mwawo, kaya kuli dzuwa kaya mvula, ndipo ntchito yake yaikulu inali yolozera anthu. M'manja ankasamba mpaka m'zigongono, chizolowezi chimene anabwera nacho kuchokera ku chipatala china ku Lilongwe kumene anagwira ntchito zaka zoposa makumi awiri. Sanali namwino ayi, ngakhale anthu a kuno ankawatcha anesi. Anayamba ndi kukolopa, kenaka anawaika m'chipinda cha ekisire kuti azitsuka zipangizo ndi kugwira manja amayi ojambulidwa. Koma maso anali nawo, ndi makutu omwe. Atapuma ntchito anabwerera kuno n'kumanga nyumba ya zipinda zitatu panjira yochokera ku Senga Bay kulowera kwa Maganga. Chipinda chimodzi chinali chawo, china cha matumba ndi makasu. Chachitatu ndicho anthu ankachitcha cha masiku khumi.

Mayi amene wakhala pabanja zaka osaima, akatopa ndi mizu ya asing'anga ndi mapemphero a kuphiri, ankathera pakhonde pa azakhali. Iwo sankayamba ndi pepani. Ankathyola phesi la tsamba la papaya, lija lamphako, n'kulidula pawiri. Ankati chiberekero chili ndi timachubu tiwiri ngati timeneti, kena kumanja kena kumanzere, ndipo dzira la mayi limadzera m'menemo kukakumana ndi mbewu ya bambo. Ankatapa madzi m'kamwa n'kuuzira m'phesi loyamba, madzi n'kutulukira kumapeto. Lachiwirilo ankalimata dothi n'kuuziranso mpaka masaya kufufuma. Akatero ankamuuza mayiyo kuti akhoza kumwa mizu yonse ya m'nkhalango ya zinyama ya Kuti, koma njira ikatsekeka yatsekeka, ndipo palibe sing'anga amene amaona m'kati mwa munthu. Amaona ndi makina. Adokotala amalowetsa kachubu kopyapyala kudzera kunjira ya amayi, n'kuthira mankhwala amadzi m'chiberekero, makina n'kujambula kumene madziwo akupita.

Kujambulako kuli ndi nthawi yake. Mayi akhale atamaliza kusamba, koma masiku khumi asanakwane chiyambire, ndipo pa masiku onsewo asagone ndi mwamuna, kuopa kuti angamujambule ali ndi kamimba kongoyamba kumene. Ku Lilongwe azakhali anaona amayi ambiri akubwezedwa pakhomo pa ekisire chifukwa cha lamulo limeneli, atayenda ulendo wonsewo pachabe. Ankati mwamuna wa kuno ukamuuza kuti dikira amamva ngati wamutukwana. Ndiye anangokonza kuti mayi azibwera ndi kachikwama kake tsiku loyamba kusamba, azigona kwa iwo mpaka atakajambulidwa. Mphasa yawo ankaiyala chopingasa pakhomo pa chipindacho.

Amuna ankadana nawo koopsa. Ena ankati ndi wothetsa mabanja, ena ankati ndi mfiti. Ndikukumbukira bambo wina, mlonda wa pa loji ina, amene anabwera panjinga tsiku lachinayi kudzatenga mkazi wake, ati kunyumba kulibe wophika. Azakhali analowa m'nyumba n'kutuluka ndi poto ndi mthiko kudzanja limodzi, kudzanja linalo kabotolo kapulasitiki.

"Potoyu mubweze mukatha," anatero. "Kabotoloka mupite nako kuchipatala, akakuuzani chochita. Akazi anu akukagona chagada pamaso pa anthu atatu. Inu akungofuna timadzi tanu basi, m'chipinda muli nokhanokha. Chovuta n'chiyani, bambo?"

Bamboyo anakwera njinga osatenga chilichonse. Azakhali anaima pamsewu akumuloza ndi ambulera mpaka anakhota.

Si onse ankabwera ndi uthenga wabwino kuchokera ku Lilongwe. Amene machubu awo aoneka otsekeka, azakhali ankawauza kuti asayambe kulira, chifukwa nthawi zina kachubu kamangodzifinya ndi ululu n'kuoneka kotseka, ndipo adokotala amajambulanso kapena kuboola pamchombo kuti aone ndi kamera. Ena ankachitidwa opaleshoni, angapo n'kuima ndithu. Ambiri ayi. Kwa amenewo azakhali sankalonjeza za chaka chamawa kapena za Sara wa m'Baibulo. Ankawauza kuti tsopano akudziwa chimene chilipo, asiye kumwa mizu yowawa, ndipo wina akawatcha wotembereredwa amufunse kuti matendawo analowa ndi yani m'nyumbamo.

Ukali umenewu unali ndi mwini wake, ndipo dzina lake ndi aLufeyo. Azakhali anakwatiwa nawo asanakwane zaka makumi awiri. Nthawi imeneyo aLufeyo ankaperekera zakudya kwa azungu pa hotela ina ku Senga Bay, shati yoyera, kataye kakuda pakhosi, Chingerezi chili m'kamwa. Anawatenga chitengwa kukakhala pamudzi pa makolo awo, pamene panalinso mlongo wawo aEneresi, mayi wa lilime longa lumo. Chaka choyamba chisanathe azakhali anadwala. Thupi linkatentha, pachinena pankabaya, kumusi kunkatuluka zonunkha. Apongozi ndi aEneresi anati ndi mauka, n'kuwanyikira mizu mumphika. Sabata yomweyo aLufeyo ankapita kuboma masiku atatu otsatizana, ati kukagula za kuhotela, ndipo ankabwerako akukhalira tako limodzi. Azakhali ankati anawamvera chisoni amuna awo, n'kumawathowa ndi madzi ofunda, poganiza kuti ndi chishalo cha njinga. Akafika pamenepa posimba ankaseka, koma chiseko chake sichinali choti ungawathandize.

Kutentha thupi kunatha kokha, koma mimba sinabwere. Zaka zisanu ndi zinayi. AEneresi ankanena pamtondo, pachitsime, ngakhale pamaliro, kuti achimwene awo akuweta chumba chongodzaza chimbudzi. Ankakumbutsanso zija za makolo akale, kuti munthu womwalira wosabereka ankamuika khala kumbuyo asanamukwirire kuti tsoka lake apite nalo, ndipo ankalonjeza kuti khala la aNambewe adzalisankha okha. Potsiriza aLufeyo anakwatira wina, n'kubereka naye mwana mmodzi wamwamuna. Azakhali anachoka pamudzipo ndi mtolo pamutu, anthu akuonerera m'makonde.

Ku Lilongwe, atagwira manja a amayi ambirimbiri patebulo lija, tsiku lina anapempha adokotala kuti nawonso awajambule. Machubu onse awiri anaoneka otupa ngati matumbo a mbuzi, otsekeka kumapeto, osataya ngakhale kadontho. Adokotala anawauza kuti zimenezi zimabwera ndi matenda akale amene sanachizidwe, kawirikawiri chinzonono ndi anzake opatsirana pogonana, komanso kwa anthu a kunyanja nthawi zina likodzo. Anati chithunzi sichitchula dzina la munthu. Azakhali anayankha kuti dzinalo akulidziwa okha. Apa m'pamene anakumbukira tako limodzi lija. Munthu anakabayitsa jakisoni yekha mwakachetechete, mkazi wake n'kumusiyira mizu.

Chithunzicho anachiika mu envulopu ya kaki, ndipo atabwerera kuno anaipachika pamsomali m'chipinda cha masiku khumi. Ankachitcha mwana wa aLufeyo. Ankati pa zaka zisanu ndi zinayi ameneyu yekha ndiye mwana amene bamboyo anawapatsa, ndipo akumulera mpaka tsiku lodzamutula kwa atate wake. Mawu awo a tsiku ndi tsiku anali akuti mlandu suwola.

Pa nkhani ya likodzoyi ndinayambana nawo kamodzi. Tikudya, ndinangoti, "Azakhali, nanga si munakulira m'minda ya mpunga kwa Maganga, madzi olekeza m'mawondo? Mwina ndi likodzo ndithu." Anandiyang'ana kuyambira kumapazi, n'kundilanda mbale imene ndinkadyera, ndipo mwezi wathunthu ankandidutsa pamsewu ngati chitsa. Komabe chibwerere ku Lilongwe sanapondenso m'nyanja kapena m'munda wa mpunga. Ankachapa ndi madzi a pamjigo, ndipo akapeza atsikana akusambira m'mabango ankawathamangitsa ndi ambulera, akuwakalipira kuti mankhwala a likodzo akamaperekedwa kusukulu azimeza, asamalavule kuseri kwa kalasi. Zimenezi sindinayerekeze kuwafunsa.

Tsono mwana mmodzi uja wa aLufeyo, Fanuelo, ndi amene ine ndinakwatiwa naye. Musandifunse. Ndinali wamng'ono, iye ankayendetsa boti la alendo ndipo ankadziwa kuseketsa. Azakhali atamva sanakuwe. Paukwati anabwera, anakhala kutsogolo, sanavine, sanafupe. Pochoka anandinong'oneza kuti, "Chipinda chako chilipo." Ndinakwiya nawo zaka ziwiri.

Zinatha zaka zinayi ndisanaimepo. AEneresi anali atakalamba, mano atatha, koma lilime likadali lomwe lija. Tsopano anapeza nyimbo yatsopano: n'zakumtundu, azakhali ake chumba, iyenso chumba, mtundu wonsewo ndi nkhokwe zopanda chimanga. Nyimboyo inafika mpaka kwathu. Mng'ono wanga anali ndi chibwenzi chodikira chinkhoswe, ndipo mnyamatayo anayamba kuzemba, amalume ake atamulangiza kuti ayambe waona kaye za ine. Ankhoswe anga ndi a Fanuelo anapangana tsiku lokhala pansi, ndipo aliyense ankadziwa kuti pakutha pake ndidzasenza mtolo ngati azakhali, dzina la chumba lili pamsana, mng'ono wanga n'kulilandira asanalawe n'komwe banja. Ndinapita kwa azakhali ndikulira. Sananene kuti ndinakuuza. Anangofunsa kuti, "Wayamba liti kusamba?"

"Dzulo."

"Lowa. Zovala ndikakutengera ndekha."

Fanuelo anabwera kawiri m'masiku amenewo, koma ankaima pamsewu, osafika pakhonde. Tsiku lachisanu ndi chitatu tinakwera minibasi ya ku Lilongwe. Anthu a m'chipinda cha ekisire ankawakumbukirabe azakhali, ndipo anawalola kulowa nane atawaveka chovala cholemera choteteza thupi. Tebulo linali lozizira. Anandiuziratu kuti madziwo akamalowa m'mimba mupota ngati tsiku loyamba la kumwezi, mwinanso kuposerapo, ndipo sananame. Ndinawafinya dzanja mpaka zala zinalira. Iwo sankayang'ana ine, ankayang'ana kagalasi ka makina. Kenaka ndinawamva akutulutsa mpweya, n'kunena chapansipansi, "Atayika. Mbali zonse ziwiri."

Ine ndinayamba kulira, poganiza kuti zaipa. Anandimenya paphewa.

"Chitsiru iwe, phesi la papaya waiwala? Madzi akatayika ndiye kuti njira n'zotsegula."

Adokotala analemba kalata kuti machubu onse ndi otsegula, chiberekero chili bwino, ndipo chotsatira n'chakuti mwamuna ayezedwe mbewu asanayambe kufufuza zina mwa ine. Pobwerera m'minibasi azakhali ankamwetulira okha kuyambira ku Lilongwe mpaka titatsika mapiri. Nditawafunsa anati, "Iwe wa sekondale walira poona madzi atayika. Tiye tikaone aEneresi."

Mlandu unali Loweruka m'mawa pansi pa mtengo wa mango pakhomo pa aLufeyo. Panali ankhoswe a mbali zonse, aLufeyo pampando wa ndalema, Fanuelo pambali pawo, aEneresi pamphasa atatambalala. Amayi oyandikana nawo nyumba ankasesa pabwalo pamodzimodzi osasuntha. Azakhali sanaitanidwe, koma anabwera ndi maenvulopu awiri m'khwapa n'kukhala pambali panga. Anawasiya aEneresi kuti alankhule mpaka malovu kuuma: za mtundu wathu, za chimbudzi, za mwana wa mchimwene wawo amene akukalamba wopanda womutcha atate. Atatha, azakhali anaimirira, anasolola zithunzi ziwiri zakuda zija, n'kuzikweza kudzuwa, china kudzanja ili china kudzanja ilo.

"Alamu," anatero, "inu ndinu odziwa za m'mimba mwa anzanu chiyambire kale. Apa pali zithunzi ziwiri. China n'cha mayi wabwinobwino, china n'cha chumba. Tatisankhireni chumba."

AEneresi anadzuka n'kuyandikira atatsinzinira diso limodzi. Pa chithunzi china panali kachiberekero koyera, timizere tiwiri topyapyala ngati ulusi, ndipo kumapeto kwake madzi anali atamwazikana ngati utsi. Pa chinacho zonse zinali zaudongo, matumba awiri oyera onenepa bwino, m'mbali mwake mosalala.

"Nachi," anatero akuloza chomwazikanacho. "Mwaona anthuni? Chobooka. Chikutaya uku ndi uku ngati dengu. Mwana angakhale bwanji m'chinthu chodontha? Chinacho ndiye chiberekero cha mayi weniweni, chodzaza, chogwira."

"Mwatsimikiza, alamu?"

"Ndabereka asanu ndi awiri ine, osandiphunzitsa."

Azakhali anapereka kalata ya adokotala kwa nkhoswe wa kuchimuna, amene anali mphunzitsi, kuti awerenge yekha n'kumasulira. Bamboyo anawerenga pang'onopang'ono, anayang'ana dzina pakona ya chithunzi, n'kunena kuti chomwazikanacho n'cha Felesiya, ndipo kumwazikanako ndiye umboni woti njira zonse ziwiri n'zotsegula. Anawerenganso mzere wonena za mwamuna, mawu atatsika. Matsache aja anasiya kulira.

Apo azakhali anatsitsa changa n'kukweza chinacho ndi manja awiri.

"Chodzaza, chogwira ichi, chimene mwachiyamikachi, n'changa. Sichitaya. Anachitseka bwino achimwene anu, chaka chija ankapita kuboma kukabayitsa jakisoni wa chinzonono inu mukundimwetsa mizu ya mauka. ALufeyo, tadzutsani mutu mumuone mwana wanu."

ALufeyo sanadzutse mutu, komanso sanakane. Ankayang'ana zala za kumapazi kwawo. Amayi ake a Fanuelo, amene ankamvetsera pakhonde, analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. AEneresi anangotsala chiimire pakati pa bwalo. Ine ndinamva kukoma, sindibisa. Zaka zinayi ndinkatungira mayi ameneyo madzi ndikumugwadira, iye akundinena pamaso pa ana. Tsiku limenelo ndinamuyang'ana m'maso mpaka anakhala pansi.

Azakhali sanathere pomwepo. Anatulutsa kabotolo kaja n'kukaika pansi patsogolo pa Fanuelo.

"Ine sindine gojo," anatero Fanuelo.

"Palibe wanena, mwananga. Kabotoloka ndiko kanene."

Anakakankha ndi phazi. Ankhoswe anayesa kumunyengerera, ati mwina vuto lake ndi loti n'kuchizika, koma iye anati pamtundu pawo palibe mwamuna amene anachitapo zonyansa zimenezo. Ankhoswe atandifunsa maganizo anga ndinati ine ndagona chagada pamaso pa anthu atatu chifukwa cha banja limeneli, ndipo ngati mwini wake akukana kabotolo, akundithamangitsa si iwo, ndikuchoka ndine. Katundu wanga anakwera kabaza. Ine ndinayenda wapansi, manja ali lende, azakhali ali patsogolo atatambasula ambulera ngakhale kunalibe mvula. Mng'ono wanga anachita chinkhoswe chake mwezi wotsatira.

Fanuelo anakwatira wina chaka chisanathe. Patapita zaka zitatu mtsikana ameneyonso anagona m'chipinda cha masiku khumi, ndipo chithunzi chake chinabwera chomwazikana mbali zonse. Tsiku limenelo azakhali anapha nkhuku. Ine ndinakwatiwanso ndi kalipentala wa ku Chitala, ndipo mimba yanga yoyamba itayamba kuonekera, azakhali anandiitanitsa kuti ndidzakhale nawo mwezi. Tsiku lililonse la msika ankanditenga kukagula tomato kudzera pakhomo pa aLufeyo, njira yozungulira, tomato ali mbwee kuseri kwa nyumba yawo. Tikayandikira ankandigwira mkono. "Usathamange," ankatero. "Anthu aone bwino."

AEneresi ndi amene anatsogola kumwalira. Azakhali anapita kumaliro, anakhala ndi amayi anzawo m'siwa, anaimba nawo nyimbo zonse. Atabwerako anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa khala, n'kuliponya m'mbaula. Nditawayang'ana anati anangofuna kuti khalalo lione amene watsogola.

Chaka chatha miyendo ya azakhali inayamba kutupa, mpweya kuchepa. Adokotala anati ndi mtima. Masana ena nditawakhazika pakhonde kuti aothere dzuwa, anandituma kuti ndikatenge envulopu pamsomali. Anaigwira pamiyendo nthawi yaitali, osaitsegula.

"Ndikapita ukamutule mwanayu kwa atate wake," anatero. "Pamaliro pomwepo, anthu akuona. Osati kutumiza munthu."

"Azakhali, bamboyo wakalamba, sakuonanso."

"Manja ali nawo."

Ndinawafunsa ngati sakufuna kuti abusa abwere adzawathandize kukhululuka asanapite. Anati Mulungu akudziwa mmene zinayendera chifukwa analipo, ndipo ngati akufuna kuwakhululukira aLufeyo ndi ntchito yake, iwo samulanda. Anamwalira patapita masabata awiri. Thupi lawo analisambitsa amayi a m'chipinda cha masiku khumi, obereka ndi osabereka omwe, ndipo anaima pakhomo kuti wina aliyense wa kwa aLufeyo asalowe.

ALufeyo anabwera ndithu, ndi ndodo, ng'ala itaphimba maso onse. Anawakhazika pabenchi pakati pa abambo. Mkazi sapita kumene kwakhala abambo pamaliro, makamaka kwa munthu amene anali mpongozi wake, ndipo nditadutsa pabwalo ndi envulopu anthu anasiya kulankhula. Ndinagwada monga mwa mwambo, n'kuiika pamiyendo pawo.

"Bambo, azakhali anati ndikutulireni mwana wanu."

Anaipapasa ndi zala, m'mbali monse, n'kumva kulimba kwa chimene chinali m'katimo. Sanafunse kuti n'chiyani. Kenaka ananena motsitsa, koma oyandikira anamva.

"Ndinali mnyamata, mayi. Ndinachita manyazi kumuuza."

"Iwonso anali mtsikana," ndinatero.

"Tsono ndichite nacho chiyani?"

"Mulereni. Iwo amulera zaka zonsezi okha."

Anapita nayo kwawo ataipanira m'khwapa. Ena anandinena kuti ndinachititsa manyazi nkhalamba yakhungu tsiku la maliro. Anene. Kaya likodzo linathandizira kutseka machubu aja kaya ayi, sindikudziwa, ndipo chithunzi sichinatchule dzina. Chimene ndikudziwa ndinachimva ndi makutu anga pabenchi paja: anakabayitsa yekha, n'kubwera kudzathowedwa ndi mkazi yemweyo amene anamupatsira matendawo. Mawa ndikanena kuti aNambewe sanakhululuke, ndipo chifukwa chosakhululuka amayi ambiri a m'dera lino anadziwa zoona za matupi awo. Amayi a kumpingo akafuna ayambitse nyimbo ndili pakati.

Lero ndabwera kudzasesa nyumba kuti alendo a chiliza apeze pogona. Mtengo wa papaya wapitirira denga, mapesi akungogwa okha n'kuumira pansi. Ambulera ili pakona, nthiti imodzi yothyoka. M'chipinda cha masiku khumi msomali ukadalipo, ndipo pansi pake khoma ndi loyera kuposa ponse, malo a envulopu. Ndikusesa m'menemo ndinamva odi. Anali mayi wachitsikana, kachikwama m'manja, akufunsa ngati pano ndi kwa anesi. Ndinamuuza kuti anamwalira chaka chatha. Anaima kanthawi akuyang'ana m'chipindamo. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimufunse kuti wayamba liti, koma ine ndimakhala ku Chitala ndipo mkuja ndikubwerera, komanso pamsewu panali mwamuna panjinga amene anali atamutsatira, akuliza belu. Mayiyo anapita n'kukakhala pakaliyala, kachikwama kali pamiyendo.

Pakhomo pa chipindacho simenti inaperepeseka pamene azakhali ankayala mphasa yawo chopingasa. Mphasayo ili yokulunga kuseri kwa chitseko, ndipo tsopano aliyense akhoza kungolowa.